Nduna ya Zonse Inatula Pansi Maudindo

Mwana wa mlongo wanga atasankhidwa kukachita digiri ya uphunzitsi ku Zomba, pasukulu imene kuyambira 2021 ili University of Malawi payokha ngakhale tonse timangoti Chanco, anafika ndi njala yoti alowe paliponse pali khomo. Sabata yolandirira mayaro, ophunzira a chaka choyamba, isanathe, dzina lake linali kale m'kaundula wa kwaya, wa SCOM, wa gulu la zisudzo, wa timu ya mpira wa manja, wa gulu la mtsutso komanso wa bungwe la ophunzira ochokera kwathu ku Ntcheu. Ndipo iye si munthu wokhala kumbuyo. Kwinaku anali mlembi, kwinaku msungichuma, kwinaku wachiwiri kwa wapampando. Anzake anamupatsa dzina loti Nduna ya Zonse, iye n'kulilandira ndi manja awiri.

Malo ogona pasukulupo sakwanira aliyense, choncho ankachita lendi kachipinda ku Chikanda pamodzi ndi mnzake wa masamu. Kunena kuti ankakhala kumeneko n'kumunamizira, chifukwa ankangofika kudzasintha nsapato. Mesho wakeyo akaphika nsima ya masoya, mbale ya Nduna inkagona yovundikira mpaka m'mawa, mwini wake atadyera tchipisi pachiwaya ali chiimire. Foni inkangolira ndi magulu a WhatsApp. Usiku, pamene ena akuwerenga, iye ankaluka atsikana anzake tsitsi kuti apeze ndalama yogulira laputopu, koma ndalamayo inkathera pa kabaza wothamangira kumisonkhano ndi mabando oitanira anthu kumisonkhano yomweyo.

M'kalasi ankakhala mpando wakumbuyo, dzanja litagwira tsaya, maso akutsekeka okha. Asayimenti ankailemba usiku wa tsiku loipereka. Sanadziwe msanga kuti kuyunivesite mayeso ang'onoang'ono ndi maasayimenti a mkati mwa semesita amawerengeredwa pa malikisi omaliza, ndiye amene wawataya amalowa m'mayeso aakulu ali kale ndi ngongole. Ndikamuimbira foni kumufunsa za sukulu, ankayankha akupuma wefuwefu: "Malume, ndili pamiting'i, ndikuimbirani." Sankaimba.

Zotsatira zitatuluka, Nduna inali ndi sapu m'maphunziro awiri. Anzake ali kwawo kutchuthi, iye anabwerera ku Chanco kukalembanso. Sukulu inali zii, magulu onse aja a WhatsApp ali chete, palibe ngakhale mmodzi womufuna mlembi. Amene walephera sapu amabwereza, ndipo zikanyanya amauzidwa kulongedza, kumene ophunzira amati kuwididwa. Kwa mwana wophunzira ndi ngongole ya boma, imene bungwe la HESLGB limapereka ndipo imayenera kubwezedwa akamaliza, chaka chobwereza ndi chaka china cha ngongole. Mayi ake atamva anangoti, "Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada," n'kumupatsa ufa ndi nyemba zoti akadye polemba.

Sapu anakhoza, koma amene anamuchiritsa kwenikweni ndi mesho wake uja. Semesita yatsopano itayamba, anang'amba tsamba la kalendala yakale, n'kulemba kuseri kwake 168, maola a sabata imodzi. "Tiye tichotsere, asisi," anatero. Anachotsa maola ogona, a m'kalasi, ophika, ochapa, oyenda kuchoka ku Chikanda kupita kusukulu ndi kubwerera. Kenaka anayamba kuchotsa kwaya, mpira, mtsutso, zisudzo, mapemphero, misonkhano ya makomiti ndi kuluka. Asanalembe ngakhale ola limodzi lowerenga, samuyo inali italowa kale kunsi kwa ziro. "Iwe sabata yako ili ndi masiku 9," anatero meshoyo. "Ife enafe tili ndi 7. Awiriwo ukuwabwereka kwa ndani?" Atsikana awiriwo anaseka mpaka oyandikana nawo anagogoda khoma.

Sabata yomweyo makalata otula pansi maudindo anayamba kuuluka. Anasiya mtsutso, mpira, kwaya ndi usungichuma wa bungwe la kwathu. Ku SCOM anatsala membala wamba wopita kumapemphero kamodzi pasabata. Anasunga chimodzi chokha chimene mtima wake unalidi: zisudzo. Apa sanasankhe molakwika, pakuti Chanco ndi kwawo kwa Travelling Theatre, gulu limene kuyambira m'zaka za m'ma 1970 linkatenga masewero kupita nawo kwa anthu m'masukulu ndi m'midzi, ndipo mphunzitsi wodziwa kuima pamaso pa anthu sasowa chochita ndi luso limenelo.

Sukulu anayamba kuitenga ngati ntchito yolembedwa. Amachoka ku Chikanda m'mawa, ndipo mpata uliwonse wa pakati pa makalasi, umene kale unkathera pa macheza a pansi pa mtengo, umathera mulaibulale. Tsiku loyamba la semesita amatenga mapepala a ndondomeko ya phunziro lililonse n'kulemba pakhoma masiku onse a mayeso ndi operekera asayimenti, ndiye palibe chomudzidzimutsa. Lachiwiri ndi Lachinayi madzulo amakumana ndi anzake atatu, aliyense n'kuphunzitsa ena mutu umodzi. Anazindikiranso kuti alekichara ali ndi maofesi okhala ndi zitseko zogogodeka, ndipo sakwiya ndi wophunzira wobwera ndi funso asayimenti isanafike tsiku lake.

Kuluka kunapita Loweruka lokha, kwa amene walembetsa ndi kutumiziratu kangachepe pa Airtel Money kapena Mpamba. Chodabwitsa n'chakuti makasitomala sanathawe. Anayamba kufika pa nthawi yake, ndipo a "ndikupatsa mawa" anatha okha. Ndalama ankaiponya m'chipereganyu cha atsikana a pamalo pawo, ndipo itafika nthawi yake yolandira, laputopu ija inabwera. Ndi yogwiritsidwapo kale ntchito, batire lake silichedwa kutha, koma anaijambula mbali zonse n'kutumiza zithunzi kwa abale onse mpaka a ku Joni.

Mukamuona lero simungamudziwe. Masaya anabwerera. Amagona usiku, amadya nsima ikadali yotentha, Lamulungu masana nthawi zina amakwera ndi anzake kuphiri kukaona damu la Mulunguzi. Sapu sinamuonenso, ndipo malikisi ake anakwera mpaka mayi ake anaulula zotsatirazo kumpingo popanda wowafunsa. Atapita kukayeserera kuphunzitsa pa CDSS ina, anasandutsa phunziro la mabuku kukhala sewero, ana a Fomu 3 akulimbirana mbali zoti achite, ena a makalasi ena atadzaza m'mawindo. Mphunzitsi wamkulu wa pamenepo anamufunsa ngati angadzabwerenso akamaliza.

Mayaro tsopano ndi amene amamufunafuna. Akabwera ndi mafomu a magulu asanu m'manja, amawakhazika pansi, n'kutulutsa pepala ndi cholembera. Sawaletsa kulowa magulu, poti iye mwini anzake apamtima ndi kulimba mtima kwake anazipeza kuzisudzo. Amangowachititsa samu ija, kenaka n'kuwaphunzitsa mawu amene iye anachedwa kuwadziwa: "Pepani, ine sindikwanitsa, koma pali uje angathe."

Mawuwo ndinawalawa ndekha mwezi wathawu. Kubanja kwathu kukubwera ukwati, ndipo pofuna mlembi wa komiti aliyense anangoti, "Si tili naye wa ku Chanco?" Ntchito yomuuza inagwera ine. Foni anayankha itangolira kamodzi, anandipatsa moni mwaulemu wonse, anafunsa za azakhali ake ndi za chimanga cha kudimba, anamvetsera pempho langa mpaka kumapeto. Kenaka anati: "Malume, pepani kwambiri, ine ndikulemba pulojekiti yomaliza. Koma mwana wanu wachiwiri uja amalemba bwino, ndipo ali patchuthi. Inuyo ingokonzani suti, chifukwa mukubwera ku Great Hall kudzandiona ndikulandira digiri."

Ndinakanidwa ndi mwana wa mlongo wanga, ndipo ndinadula foniyo ndikuseka ndekha. Suti ili kale kwa telala.