Njala Ndi Uthenga Wochokera M'chifu

Mlimi wa ku Mkanda kapena ku Kapiri, m'boma la Mchinji, amalaŵirira kumunda m'bandakucha. Dzuŵa likafika paliwombo, m'mimba mumayamba kulira ndipo khasu limalemera. Kodi chimamuuza n'chiyani kuti nthaŵi ya nsima yakwana?

M'chaka cha 1999 akatswiri a ku Japan, a Masayasu Kojima ndi a Kenji Kangawa pamodzi ndi anzawo, anatulukira kuti chifu cha munthu chimapanga timadzi totchedwa ghrelin. Chifu chikakhala chopanda kanthu, timadziti timachuluka m'magazi ndi kukafika ku ubongo, ndipo munthu amamva njala. Chakudya chikatsikira m'matumbo, chifu chimachepetsa kupanga timadziti, njala n'kuzilala.

Thupi limasunganso nthaŵi. Kwa munthu wozoloŵera kudya masana, timadziti timayamba kuchuluka nthaŵiyo ikamayandikira. Kusagona mokwanira nakonso kumatichulukitsa.

Chofunika kwambiri ndi mtundu wa chakudya. Zakudya zomanga thupi monga mtedza, soya, nyemba, mazira ndi usipa zimachepetsa timadziti kwa nthaŵi yotalikirapo kusiyana ndi zakudya za shuga. N'chifukwa chake mwana amene wamwa tiyi yekha kapena phala lamadzimadzi la ufa woyera sachedwa kumvanso njala, pamene mnzake amene wadya phala la mgaiwa lothira nsinjiro amapirira mpaka masana.

Mchinji ndi boma lotchuka ndi ulimi wa mtedza ndi soya. Komabe mabanja ena amagulitsa zonse nthaŵi yokolola, ndipo pofika Januwale ndi Febuluwale ana amatsala ndi phala lopanda kanthu. Banja lanzeru limayamba lapatula mtedza wa ana lisanapite kumsika.

Makolo ayeneranso kudziŵa kuti njala sinena zonse. Mwana wodwala malungo kapena wotsegula m'mimba amakana chakudya ngakhale thupi lake likuchifuna kwambiri. Mayi asadikire kuti mwanayo alirire chakudya. Azimudyetsa pang'onopang'ono koma pafupipafupi, azimuyamwitsa, ndipo apite naye kuchipatala msanga.

Mwana wa chaka chimodzi ali ndi chifu chaching'ono, motero ayenera kudya kanayi kapena kasanu pa tsiku, kuwonjezera pa kuyamwa. Chimene chimasonyeza ngati akudya mokwanira ndi kulemera kwake kusikelo mwezi ndi mwezi.