Malupanga a Tai Chi ndi zida zophunzirira, osati zankhondo

MCHINJI, Mana: Chaka chilichonse mwezi wa Febuluwale ukamatha, Angoni a m'madera a mafumu Zulu ndi Mlonyeni m'boma la Mchinji amadutsa pa chipata cha Mchinji-Mwami kupita ku Mtenguleni, kufupi ndi Chipata m'dziko la Zambia, kukachita nawo mwambo wa Ncwala. Ambiri amanyamula zishango ndi zibonga, koma palibe amene amadzidzimuka, pakuti aliyense amadziwa kuti zida zomwe kale zinali zankhondo lero ndi zovinira Ingoma.

Umu ndi momwe zililinso ndi zida za masewero a ku China otchedwa Tai Chi, ngakhale kuti wapolisi kapena wogwira ntchito m'chipata amene wapeza lupanga m'katundu wa munthu sangachedwe kulikayikira. Chikhazikitsire ubale wa Malawi ndi China pa 28 Disembala 2007, anthu ndi katundu wochokera m'dzikolo akhala akuchuluka kuno, choncho nkoyenera kuti adindo azidziwe zidazi.

Tai Chi adayambira m'mudzi wa Chenjiagou m'chigawo cha Henan m'zaka za m'ma 1600, ndipo mbiri imatchula Chen Wangting, yemwe adali msilikali, kuti ndiye adamuyambitsa. Poyamba lidali luso lomenyera nkhondo. Lero ambiri amamuchita pofuna kulimbitsa thupi, ndipo mu 2020 bungwe la UNESCO lidamuika m'kaundula wa miyambo yofunika kusungidwa, momwe mulinso Gule Wamkulu.

Wophunzira sayamba ndi chida. Amatha miyezi yambiri akuphunzira kuima, kupuma ndi kusamutsa thupi pang'onopang'ono kuchoka pa mwendo wina kupita pa unzake ali chimanjamanja. Chifukwa chake nchakuti mphamvu ya m'masewerowa imachokera m'miyendo ndi m'chiuno, osati m'mkono. Amene wapatsidwa lupanga msanga amaligwira molimbitsa ngati akulima ndi khasu, ndipo nsonga yake imangogwedezeka, kuulula poyera zolakwika zomwe zikadabisika.

Chida chodziwika kwambiri ndi jian, lupanga lowongoka lomwe kale linkanoledwa mbali zonse ziwiri. Ongoyamba kumene amagwiritsa ntchito lathabwa, kenaka lachitsulo chosanola. La pampikisano limakhala lopyapyala moti limapindika munthu akalikanikiza pansi. Kutalika kwake kumayesedwa ndi thupi la mwini wake: akaligwira chozondotsa, mkono uli pansi, nsonga yake iyenera kufika pa khutu. Ku chigwiriro kumamangidwa mphonje, ndipo aphunzitsi amaziyang'anitsitsa, chifukwa zikamakulungika pa dzanja ndiye kuti wophunzirayo akuthamanga kapena akudukiza. Dzanja lopanda chida nalo silingokhala. Zala ziwiri zimaloza kutsogolo kuti thupi lisapendekeke.

Mu 1957 akuluakulu oona zamasewero m'boma la China adakonza ndondomeko yachidule ya mayendedwe 32 a lupangali, patangotha chaka chimodzi atatulutsa ya mayendedwe 24 a chimanjamanja. Ndondomekoyi ndi yomwe makalasi ambiri pa dziko lapansi amayambira.

Palinso dao, lomwe limafanana ndi chikwanje chachitali chokhota, komanso mkondo ndi ndodo yaitali ya mtengo wopindika koma wosathyoka msanga. Chokupizira mphepo, chomwe chimalira mokweza akachitambasula mwadzidzidzi, chafala m'zaka zaposachedwa chifukwa nchotchipa ndiponso nchosavuta kuyenda nacho. Zovala nzosalira zambiri: malaya ndi buluku zotakasuka, ndi nsapato zafulati.

Kuno ku Malawi, anthu ambiri adaona zida zamtunduwu kudzera mwa ana a ku Amitofo Care Centre ku Blantyre, malo omwe adakhazikitsa ndi Hui Li, mtsogoleri wa chipembedzo cha Chibuda wa ku Taiwan. Moyo wa anawo udaonetsedwa mu kanema wa Buddha in Africa wa mu 2019. Komabe zomwe anawo adatchuka nazo ndi Kung Fu wa ku Shaolin, wodumphadumpha ndi wothamanga, pomwe Tai Chi amachitika mofatsa moti ngakhale okalamba amamukwanitsa.

Malamulo a dziko lino amaletsa kunyamula chida choopsa pagulu popanda chifukwa chomveka. Kusiyanitsa nkosavuta: mdindo aone ngati lupanga ndi lonola, ngati likupindika, komanso ngati lili m'chimake kapena m'thumba lake. Ngakhale losanola likhoza kuboola diso, choncho woyang'anira zamasewero amene wapemphedwa holo kapena bwalo la sukulu aonetsetse kuti pali mphunzitsi wodziwa, ndi kuti ophunzira atalikirana moti wina akatambasula mkono ndi lupanga sakukhudza mnzake.