Dzino lobowoka silidikira kuti mliri uthe

Alimi anzanga, aliyense amene anasungapo chimanga m'nkhokwe akumudziwa nankafumbwe. Kunja kwa njere kumaoneka kabowo kakang'ono chabe, koma m'kati mwasanduka kale ufa. Dzino nalo limaonongeka chimodzimodzi, ndipo mliri wa Covid-19 unaonetsa poyera zimene zimachitika munthu akachedwa nalo.

Kuno kwathu boma linalengeza kuti dziko lili pa ngozi pa 20 Malichi 2020, ndipo odwala oyamba anapezeka pa 2 Epulo. Mu Ogasiti chaka chomwecho, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza kuti kumene matendawa akufala kwambiri, ntchito za mano zosafuna changu ziime kaye. Chifukwa chake n'chomveka. Wodwala mano sangavale masiki pomuthandiza, ndipo makina okonzera dzino amamwaza timadontho ta madzi tosakanikirana ndi malovu m'chipinda monse.

Nawonso anthu ankaopa chipatala, choncho ambiri ankapita zitafika povuta. Izi sizinachitike kuno kokha. Kafukufuku wa mu 2020 pa chipatala china cha mano mumzinda wa Beijing ku China anapeza kuti mliri utangoyamba, odwala obwera mwadzidzidzi anachepa ndi 38 pa 100 alionse. Koma mwa amene anabwerabe, odwala matenda a m'dzino ndi m'kamwa anakwera kuchoka pa 51 kufika pa 72 pa 100 alionse.

Vuto loyamba ndi dzino lobowoka. M'dzino mulibe nyongolotsi monga ena amanenera. Tizilombo tosaoneka ndi maso timadya shuga wotsalira m'kamwa n'kutulutsa asidi, ndipo asidiyo ndiye amadya dzino pang'onopang'ono. Likamangotsanima ndi madzi ozizira, a chipatala angathe kulimata. Likayamba kukulepheretsani kugona, ndiye kuti bowo lafika pa mtsempha, ndipo kawirikawiri chotsala n'kulizula.

Vuto lachiwiri ndi chotupa cha mafinya pa muzu wa dzino. Nthawi zina ululu umaleka wokha munthu n'kuyesa wachira, chonsecho mtsempha wafa ndipo mafinya akusonkhana pansi. Tsaya likatupa, thupi likatentha, kapena mukamalephera kuyasamula ndi kumeza, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, kaya kuli mliri kaya kulibe. Kutupa kukatsikira kukhosi kumatha kutseka mpweya munthu n'kufa.

Vuto lachitatu ndi la nkhama zotupa ndi zotuluka magazi potsuka. Likakhalitsa, mano amayamba kugwedera ngakhale asanabowoke. Osuta fodya ndi odwala matenda a shuga ndiwo amavutika nalo kwambiri.

Lachinayi ndi mano othyoka pogwa pa njinga kapena potsegula botolo ndi mano. Dzino la munthu wamkulu likazuka lonse ndi muzu, liikeni mu mkaka ndipo thamangani nalo kuchipatala, makamaka ola lisanathe, pakuti nthawi zina limatheka kubwezeretsedwa.

Podikira thandizo, Panado amachepetsa ululu ndipo madzi ofunda othira mchere pang'ono amathandiza kuchukucha m'kamwa. Koma zimenezi sizichiza dzino. Musaike asipirini pa nkhama chifukwa amawotcha. Asidi wa batire ndi mankhwala opopera mbewu ndi poizoni, asayandikire kukamwa. Makapisozi ogula pamsika satseka bowo.

Kupewa n'kotchipa kuposa zonsezi. Tsukani mano kawiri pa tsiku, makamaka pokagona, ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride. Mukatha lavulani, koma musachukuche ndi madzi, kuti mankhwalawo atsale pa mano. Chimene chimaononga kwambiri ndi kudya zotsekemera pafupipafupi: tiyi wa shuga wambiri m'mawa, switi ndi zakumwa za m'botolo masana, nzimbe madzulo. Ana amene mumawagulira switi tsiku lililonse la msika, ayang'aneni m'kamwa.

Mu Meyi 2023 bungwe la WHO linalengeza kuti Covid-19 salinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse. Koma palibe akudziwa tsiku limene mliri wina udzatsekereze njira ya kuchipatala. Tsono mukakolola n'kugulitsa mbewu, misewu ili youma ndipo ya minibasi ilipo, patulani tsiku limodzi mukaonetse kabowo kaja ku chipatala cha boma lanu. Dzino likaphulika mu Disembala, mudzagona ndi tsaya lotupa udzu ukumera m'munda.