Tsiku lalitali la caka: kwao ndi maluwa, kwathu ndi khasu

Pamene ndinali ku seminale yaing'ono, wansembe wina wokalamba wocokera ku Ulaya anali kutiuza za moto wa Yohane Woyera. Anati kwao, madzulo a pa 23 June, anthu amasonkha moto waukulu pa mapiri, kuimba ndi kuvina mpaka usiku. Ife tinaseka, poganiza kuti akuotha cifukwa ca mphepo monga momwe ticitira kuno mu June. Sitinadziwe kuti kwao imeneyo ndi nyengo yofunda.

Dziko lathu lapansi ndi lopendekeka pang'ono, pafupifupi madigiri 23 ndi theka. Cifukwa ca ici, pa 20 kapena 21 June maiko akumpoto amaona tsiku lalitali kopambana. Ku Stockholm, dziko la Sweden, dzuwa limakhala kumwamba maola oposa 18, pamene mu December limaoneka maola 6 cabe. Munthu amene wapirira mdima wotere sungamuletse kutuluka panja. Anthu a ku Sweden amacoka m'matauni kupita kumidzi, amaimika mtengo wokutidwa ndi masamba ndi maluwa, nabvina mouzungulira. Ku England, zikwi za anthu zimacezera pa miyala yakale ya Stonehenge kudikira dzuwa kuti lituluke.

Mpingo unaika kubadwa kwa Yohane Mbatizi pa 24 June, miyezi 6 Khrisimasi isanafike. Augustino Woyera, amene anamwalira mu 430, analalikira kuti Yohane atabadwa masiku amayamba kufupika, koma Yesu atabadwa amayamba kutalika, cifukwa mtumiki acepa kuti Mbuye wake akule.

Phunziro lokoma ili ndinaliphunzitsa caka cina pa mphakati, monga momwe ndinalilandirira. Nditatsiriza, agogo ena aamuna anakweza dzanja. "Aphunzitsi, inu mumalima? Kuno masiku amatalika tikacoka mu June, osati pa Khrisimasi." Ndinacita manyazi, cifukwa ananena zoona. Ife tili kumwera, zinthu n'zotembenuka. Tsiku lathu lalitali ndi 21 kapena 22 December. Ku Chipata limakwana pafupifupi maola 13, ndipo lalifupi la mu June limapitirira pang'ono maola 11. Kusiyana kwake n'kocepa, ndiye cifukwa cake makolo athu sanalipangire mwambo. Iwo anali kuyang'ana mvula, ndipo cikondwerero cinali kudikira zipatso zoyamba, monga Nc'wala ya Angoni ku Mtenguleni mu February.

Komabe ola limodzi ndi theka limenelo si lotaya. Limabwera cimanga cili cacing'ono, udzu ukulimbirana naco cakudya. Wocedwa kupalira m'masabata oyamba amadzaona nkhokwe yopepuka, ngakhale atathira feteleza wokwera mtengo. Mu December kumaca 5 koloko itangopitirira, ndipo ndimadandaula ndikaona anyamata akulowa m'munda dzuwa litakwera kale.

Za kukhala panja, sitifunika kuphunzira kwa azungu, tili panja tsiku lililonse. Cimene tasiya ndi kukhala pamodzi. Mphakati wathu wagwirizana kuti madzulo a pa 23 June, titakolola, tidzasonkha moto pabwalo la chalichi, kuocha mbatata ndi kumva nthano za agogo. Oyang'anira moto asankhidwa kale, cifukwa udzu umakhala utauma ndipo nkhokwe zili pafupi.