Chifukwa Chake Chigwada Chimasinjidwa

Ku Nkhotakota, m'mbali mwa nyanja, kondowole amayenda ndi chigwada. Tsamba la chinangwa lili ndi tizipinda tosaoneka ndi maso, ndipo makoma ake ndi ulusi wolimba wotchedwa selulozi, umene katswiri wa ku France, Anselme Payen, anauzindikira mu 1838. Ulusiwu ndi shuga wolumikizana ngati mikanda, koma mimba ya munthu siingaugaye. Umangofewetsa chimbudzi ndi kuletsa kudzimbidwa.

Munsi ndiwo umaswa makomawo. Akasweka, poizoni wa m'masamba amamasuka, natuluka ndi nthunzi pamene ndiwo zikuwira mu mphika wosavundikira. Mayi wosinja mothamanga, kapena wophula chigwada chisanapse, angathe kudzetsera ana chizungulire ndi kusanza.