Maloya a chuma cha masiye asaleke kuphunzira

Ife aphunzitsi timaitanidwa kumaphunziro owonjezera silabasi ikasintha, chifukwa wophunzitsa ndi manotsi akale amalepheretsa ana mayeso. Kwa loya wogwira nkhani za chuma cha masiye zinthu nzoopsa kuposa pamenepa. Iye akatsalira m'mbuyo, mayi wamasiye amatuluka m'nyumba yake ndipo ana amasiyira sukulu panjira.

Malamulo a nkhaniyi asintha kwambiri. Lamulo lakale la mawilo la 1967 linkapereka mpata waukulu kwa achibale a malemu potsata mwambo. Mu 2011 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa latsopano lomwe limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala, ana onse kuphatikizapo obadwa kunja kwa banja, ndi ena omwe ankadalira malemuyo. Ziwiya za m'nyumba zimatsala ndi wamasiye, ndipo wolanda katundu wa masiye akhoza kukaseweza zaka 10 kundende ndi kubweza zomwe adalanda.

Sizidathere pomwepo. Mu 2015 kudabwera lamulo la maukwati lomwe limavomereza ukwati wa kwa ankhoswe, wa kutchalitchi, wa kuboma, ngakhalenso wa anthu omwe akhala limodzi nthawi yaitali ngati banja. Mu 2016 kudabwera lamulo la malo a makolo, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko adasinthidwa kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Zonsezi zimakhudza funso lakuti woyenera kulandira ndani. Nazo ndalama za penshoni zili ndi njira yakeyake, chifukwa zimatsata fomu yomwe wantchito adalembapo mayina a odzalandira.

Nchifukwa chake nkoyamikika kuti maloya amayenera kuchita maphunziro owonjezera chaka ndi chaka, kudzera ku bungwe lawo la Malawi Law Society, asanalandirenso chiphaso chogwirira ntchito. Koma funso langa nlakuti, m'maphunzirowo muli chiyani chokhudza munthu wakumudzi? Malemu ambiri kuno sasiya masheya kapena nyumba ku Area 47. Amasiya munda, ng'ombe ziwiri, ngolo, njinga yamoto ya kabaza ndi tindalama ta mufoni. Loya ayenera kudziwa kusiyana kwa chikamwini ndi chitengwa, mphamvu ya mwinimbumba pamaliro, komanso momwe chuma chimagawidwira pabanja lamitala.

Ayeneranso kuphunzira kufotokoza lamulo m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao chomveka. Mayi yemwe wagulitsa mbuzi kuti apeze thiransipoti yopitira kuboma asabwerere kwawo atangomva Chingerezi chokhachokha.

Maphunzirowa asathere m'mahotela a ku Mangochi ndi maloya okhaokha. Anthu ambiri akumudzi saonana ndi loya. Amayamba kwa nyakwawa, kenaka kwa DC, kukhoti la majisitireti, ku ofesi ya Administrator General kapena ku Legal Aid Bureau. Makalaliki a m'maofesi amenewa ndi mafumu nawonso akufunika kuwatsitsimutsa, apo ayi lamulo la 2011 likhala la m'mabuku pomwe kumudzi kukugwirabe la 1967.

Nafenso tili ndi mbali yathu. Ambiri timaopa kulemba wilo poganiza kuti nkudziitanira imfa. Komatu wilo siivuta. Munthu wa zaka 18 kapena kuposa, wa mutu wabwinobwino, amalemba zofuna zake nkusayina pamaso pa mboni ziwiri, ndipo mbonizo zimasayinanso. Mbonizo zisakhale zina mwa odzalandira chumacho. Akatero aisunge pamalo odalirika ndi kudziwitsa munthu mmodzi wokhulupirika.

Mukapita kwa loya, musachite manyazi kumufunsa kuti akutsata lamulo la chaka chiti, ntchitoyo itenga nthawi yaitali bwanji ndipo mulipira zingati. Safunsa adadya phula. Loya wophunzira bwino sangakwiye ndi mafunso amenewa, ayankha mosavuta.