Milatho 7 Yomwe Idabala Masamu Atsopano

Ophunzira ambiri akamva mawu akuti galafu amaganiza za mizere ya x ndi y ija amajambula m'kalasi. Koma pali galafu ya mtundu wina, yomwe phunziro lake limatchedwa graph theory. Galafu imeneyi imapangidwa ndi zinthu ziwiri basi: timadontho ndi mizere yolumikiza timadonthoto. Kadontho kamatchedwa vertex, mzere umatchedwa edge, ndipo chiwerengero cha mizere yokumana pa kadontho kamodzi ndiye degree yake.

Phunziroli lidayambira mumzinda wa Königsberg, womwe lero ndi Kaliningrad ku Russia. Mtsinje wa Pregel udagawa mzindawo m'zigawo 4, magombe awiri ndi zilumba ziwiri, ndipo zigawozo zinkalumikizidwa ndi milatho 7. Anthu ankafunsana: kodi munthu angayende ulendo umodzi n'kuwoloka mlatho uliwonse kamodzi kokha?

Mu 1736 katswiri wa masamu, Leonhard Euler, adaonetsa kuti n'zosatheka. Tengani chigawo chilichonse ngati kadontho, mlatho ngati mzere. Woyenda akalowa m'chigawo pa mlatho wina, ayenera kutulukira pa wina, choncho milatho imatha iwiriiwiri. Ndiye kuti degree ya kadontho kalikonse iyenera kugawika ndi 2, kupatula poyambira ndi pothera ulendo. Ku Königsberg ma degree anali 5, 3, 3 ndi 3. Onse anayi sagawika ndi 2, pamene lamulo limalola awiri okha.

Makolo angafunse kuti phindu lake n'chiyani. Foni ikamakulozerani njira yachidule, imatenga mphambano ngati timadontho, misewu ngati mizere. Imodzi mwa njira zodziwika zowerengera zimenezi adaisindikiza Edsger Dijkstra mu 1959. Nayonso ndondomeko ya mayeso ingakonzedwe chonchi: phunziro lililonse ndi kadontho, ndipo maphunziro awiri amalumikizidwa ngati pali wophunzira wolemba onse awiri. Olumikizanawo saikidwa pa nthawi imodzi.

Yesani izi kunyumba. Jambulani bokosi la ngodya 4, ndi mizere iwiri yopingasana kuchokera pa ngodya kufika pa ngodya, osakweza cholembera komanso osabwereza mzere. Mulephera, chifukwa ngodya zonse zili ndi degree 3. Tsopano onjezani denga la mizere iwiri pamwamba ngati nyumba. Ngodya zapamwamba zafika pa 4, ndipo zatsala ziwiri zapansi zokha. Yambirani pa ngodya imodzi yapansi, mukathera pa inzake.